Mbewu ya Angozo

Mukafika kwathu, kuseri kwa Phiri la Dedza, n'kufunsa kuti a Gerevazio ndi ati, akulozerani mkulu wamfupi wa miyendo yamatewe, wovala chipewa chaubweya ngakhale pa dzuwa la Okotobala. Akuluakulu amawatchula pamfunda kuti Angozo. Ine ndimangoti asuweni, poti mayi anga ndi bambo awo anayamwa bere limodzi, ndipo ufulu wa chisuweni ndimaudya wonse osasiyako. Ndiye zimene ndinene pano musati ndikuwajeda. Ndinawauza kale pamaso, zinazo ndikukuwa.

Pa unyamata wawo anali wocheka matabwa kuphiri. Masiku amenewo ankacheka pamanja: chipika cha paini amachigoneka pamwamba pa dzenje, wina amaima pamwamba, wina m'dzenjemo, n'kumakokerana macheka aatali kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. A Gerevazio anali apamwamba chifukwa diso lawo silinkaphonya mzere. M'dzenje munkakhala mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, a Bonifasio. Anthu awiriwa anabatizidwa tsiku limodzi, anakwatira chaka chimodzi, ndipo akalandira malipiro ankakaledzera limodzi mpaka akazi awo kukawatola limodzi. Tsiku lina chipika chinapulumuka n'kuwamenya a Bonifasio pamsana. Anawabereka kutsika nawo phiri lonse ndi a Gerevazio omwewa, akulira ngati mwana. A Bonifasio anachira koma osachiriratu. Kuchokera pamenepo amayenda ndi ndodo ziwiri, ntchito yawo n'kukhala kusema mipini pakhonde. Khasu ndi banja lonse zinagwera mkazi wawo, a Victoria, mayi wamtali wosalankhulalankhula.

Asuweni anga macheka anawasiyira pomwepo. Anabwerera ku munda umene bambo awo anawasiyira, wa kumtunda, wa dothi lofiirira lofewa ngati ufa, n'kuyamba kulima mbatatesi. Apa ndiye Mulungu anawapatsa dzanja, ndisaname. Anamanga kashedi kamphepo kosungiramo mbewu pa mathandala, ndipo mbatatesi zawo zinkatuluka maso aafupi, onenepa, obiriwira. Anthu ankachokera ku Mayani, ena kuboma, kudzafuna mbewu ya Angozo. Ukangoti mbewu ndatenga kwa Angozo, palibe ankafunsanso china.

Kutchalitchi nakonso anali patsogolo. Mowa anausiya, anakhala wapampando wa mphakati wathu, ndipo pa Njira ya Mtanda mtanda unali wawo, palibe wina ankaukhudza. Pa Misa tikafika podziguguda pachifuwa, iwo ankaguguda mpaka a kubenchi lakumbuyo kumva. Ndinkawanena kuti, "Asuweni, nthitizo mudzathyola, machimo ake ndi ati?" Iwo n'kumaseka. Sindinadziwe kuti ndikuitana tsoka.

Chaka china oitanitsa mbewu anachuluka kuposa mbewuyo. M'malo monena kuti yatha, anapita ku msika wa kumalire n'kukagula matumba angapo kwa anthu osawadziwa, kuti achulukitse m'dimba lobwereka kumtsinje. Zinamera bwino, kenako zina zinayamba kufota masana masamba ali obiriwira, ngati wazithira madzi otentha. Atakumba imodzi n'kuidula pakati, anapeza mkombero wakuda mkati, maso ake akutuluka zoyera ngati mafinya. Nthendayi kwathu inali isanafike, koma iwo anali ataimvapo kumsika komweko, ndipo ankadziwa kuti imayenda ndi mbewu. Anakolola mwakachetechete, zoola n'kukwirira, zooneka bwino n'kuziunjika padera mu kanyumba ka kudimba, akuti adzagulitsa kwa okazinga tchipisi.

Ndiye mvula ili pafupi, a Victoria anatulukira ndi dengu lawo. Chaka chilichonse a Gerevazio ankawasungira mbewu popanda kukumbutsidwa. Chaka chimenecho anaiwala. Yabwino yonse inali itakwera galimoto za alendo. Mayi uja anangoti, "Alamu, ndabwera kudzatenga yathu ija." Pakamwa pa munthu wamkulu panalephera kutuluka liwu limodzi lokha lakuti ndinaiwala. Anawatumizira ya kudimba ija pa ngolo, akudzinyenga mumtima kuti poti wasankha bwino, mwina sizigwira.

Zinagwira. A Victoria anabzala mbewu ya Angozo kumunsi kwa munda wawo, kumtunda n'kubzala yawo yotsala. Pofika Febuluwale chigawo chakumunsi chonse chinali chitagona. Mayi uja ankayenda m'mizere manja ali kumutu. Anaganiza za madzi, anaganiza za mfuko, anaganiza za feteleza, koma za mbewu ayi. Mbewu ya Angozo ingadwale?

Inali nyengo ya Lenti, ndipo Bambo Mfumu anabwera ku tchalitchi chathu chaching'ono kudzamvetsera olapa. Zonena polapa sizituluka, koma izi anazitulutsa okha eniake pambuyo pake, ndiye ndili ndi ufulu wozinena. Akuti atafotokoza zonse, wansembe uja, nkhalamba yachete, anangofunsa kuti, "Eni mundawo akudziwa?"

"Ayi, Bambo."

"Ndiye malipiro anu ndi amenewo. Mupite mukawauze."

A Gerevazio anayamba kunenerera ngati ali pamsika. Akuti andipatse Korona wa mwezi wathunthu, andipatse kusala kudya mpaka Pasaka, ndidzafolera tchalitchi ndekha. Bambo Mfumu anati, "Korona mupemphere ndithu. Koma Amayi Maria alibe munda wa mbatatesi. Amene muwalakwira ali m'mudzi mwanu momwemo."

Anatuluka atakhululukidwa, koma kwa a Bonifasio sanapite. Ankati mawa, mawa lake n'kukhala mawa linanso. Koma poti ndi munthu woopa Mulungu, anadziwa kuti wasiya ntchito pakati, ndiye anasiya kulandira Ukaristia. Lamulungu lililonse ife tikuima pamzere, wapampando wa mphakati ali khale pabenchi, maso pansi. Inu, mudzi wathu! Sabata sizinathe zingati mbiri inali ponseponse kuti Angozo atenga mkazi wachiwiri ku Mozambique. Ena anamuona ndithu mkaziyo, woyera, wa mpata kumano. Mkazi wawo, a Tikondwe, anaonda ndi maganizo. Ine ndinawapita n'kuwafunsa kuti, "Asuweni, mwasiya ine msuweni wanu n'kukatola wa kutsidya?" Sanaseke. Pamenepo ndinadziwa kuti pali chinthu, koma sindinadziwe kuti n'chiyani.

Tsono tamverani nzeru imene anaipeza. Anati m'malo moulula, ndingowachitira zabwino zambiri mpaka mlanduwo ukwiririke. Mu Okotobala, osapemphedwa, anamanga ng'ombe zawo pagoli n'kukalowa m'munda mwa a Victoria ndi pulawo. Anagalauza munda wonse, kuyambira kumunsi kukwera kumtunda, kutsika, kukweranso, n'kuunga mizere yowongoka ngati ya pachithunzi. Anawapatsanso mbewu, yabwino tsopano, ya kumunda wa kumtunda, yaulere. Mudzi wonse unayamika. Alaliki anawatchula ndi kuwatchula pa guwa kuti chikondi cha pa abale ndi chimenechi. A Victoria anabwera ndi nkhuku kudzathokoza, n'kugwada pakhomo.

Katswiri wa mbewu uja sanaganize kuti nthendayo sinathere m'mbewu. Inali itakhazikika m'dothi. Pulawo ija inainyamula kumunsi n'kuimwaza munda wonse ngati munthu wofesa mawere. Mvula itagwa, mbatatesi zinamera mokongola, zinayamba maluwa, kenako zinagona zonse, kuyambira kumalire mpaka kumalire. Chaka choyamba a Victoria anataya chigawo. Chaka chachiwiri, chifukwa cha chifundo cha asuweni anga, anataya munda.

Kwathu kuno mbatatesi ndiyo sopo, ndiyo mchere, ndiyo sukulu. Mtsikana wa a Victoria amene anali ku sekondale anabwerako n'kukhala pakhomo. A Victoria anayamba kuyenda m'maganyu, a Bonifasio akusema mipini imene palibe ankaigula. Ndipo poti munthu akasowa chifukwa amachifuna kwa woyandikana naye, maso anagwera ine. Munda wanga unachita malire ndi wawo, ndipo zanga zinali zobiriwira. Moni anasiya kundiyankha. Kuchigayo ndikafika, amayi ankasuntha malichero awo. Ine, wa bungwe la amayi a Chikatolika, wovala yunifolomu, kusanduka mfiti ya mbatatesi! Ndinalira ndi ukali, ndinalira ndi manyazi, ndipo amene ndinkakamudandaulira anali msuweni wanga yemweyo. Ankangoti, "Pirirani, asuweni, Mulungu akuona." Ankaonadi.

Mapeto ake alangizi a zaulimi anabwera, anthu n'kusonkhana m'munda muja. Anazula phata limodzi, anadula mbatatesi, anationetsa mkombero uja. Anati iyi si ufiti, ndi nthenda, imabwera ndi mbewu ndipo imayenda ndi khasu, pulawo ngakhale matope a kuphazi. Anati dothi limeneli lisaonenso mbatatesi, tomato kapena fodya kwa zaka ndithu. Kenako anafunsa kuti, "Mayi, chaka chimene inayamba, mbewu munaitenga kuti?"

A Victoria anayankha mokweza, ngati wafunsidwa zachipongwe. "Kwa Angozo. Kumeneko musaganizireko n'komwe. Anthu amenewa ndi amene atisunga ife. Funani kwina."

A Gerevazio anali chiimire pambali panga. Ndinawaona akuvula chipewa chija n'kuyang'ana pansi.

M'mawa mwake, mame asanaume, anafika pakhomo panga. "Asuweni, mundiperekeze kwa a Bonifasio." Kwathu munthu sapita yekha kukagwira mwendo, amatenga mboni. Ndinafunsa kuti mlandu wake ndi wotani, iwo n'kundiuza tili m'njira, zonse, osasiyako. Ndinaima. Kunena zoona, chikhala kuti ndinali ndi mpini m'manja, bwenzi nkhani ino ili ya maliro. Ndinawatukwana mawu amene ndinakalapa nawo Loweruka lake. Ndinati, "Nthawi yonseyi ndikutchedwa mfiti inu mukundiuza kuti ndipirire? Munthu woipa inu, wa miyendo ngati goli!" Iwo anangoti, "Nenani, asuweni, zonsezo n'zanga. Koma tiyeni." Ndinapita, osati chifukwa chowamvera chisoni. Ndinkafuna ndione ndi maso anga.

Tinawapeza a Bonifasio pakhonde ndi kasemasema wawo, a Victoria akusesa. Anatipatsa mpando, a Gerevazio anaukana n'kukhala pansi pa fumbi. Sanazungulire. Anati, "Mbewu ija inali yodwala, ndipo ndinkadziwa. Yanu ndinaiwala kusunga, ndinachita manyazi kunena. Bambo Mfumu anandiuza chaka chatha kuti ndidzakuuzeni, ine ndinabwera ndi ng'ombe m'malo mobwera ndi pakamwa. Munda wanu ndapha ndine, kawiri. Asuweni angawa alibe mlandu."

Tsache linagwa. A Victoria anayang'ana ine kaye, kenako iwo. Mayi wosalankhula uja analankhula tsiku limenelo mpaka mawu kusasa. Anawakumbutsa nkhuku ija. Anawakumbutsa kugwada kuja. Anati, "Dzulo lomweli ndakuikirani kumbuyo pamaso pa anthu, inu muli pomwepo duu!"  A Bonifasio ankangotembenuza mpini m'manja. Pomaliza anati, motsitsa, "Gere, zaka zonse zija iwe unali pamwamba, utuchi unkagwera m'maso mwa ine. Sindinadandaulepo. Koma uwu wokha wandipweteka." Anatenga ndodo zawo n'kulowa m'nyumba.

Ndinaganiza kuti tathana nazo, tizipita. Koma asuweni anga anali asanamalize. Anati, "Alamu, pepani sapoletsa chilonda. Munda wanga wa kumtunda ndi wanu kuyambira lero, ndi kashedi komwe, ndi mbewu ili m'menemo. Ine nditenga wodwalawu. Si kubwereka, ndi kusinthana. Mboni ndi iyi, ndipo madzulo tikauza amfumu."

Ndinawatsina pa mkono. Munda wa bambo awo! A Victoria anatola tsache lija. Anati, "Munda ndalandira, chifukwa ana anga ali ndi njala. Koma za kukhululuka musandifulumizitse."

"Sindinabwere kudzagula," anatero a Gerevazio.

Kunyumba kwawo kunabuka moto. Mwana wawo wamkulu, Rafaelo, amene ankayembekeza munda umenewo, anati bambo apenga, ansembe awadya mutu. Anati mukanawapatsa matumba a chimanga, mukanawalimira zaka zingapo, osati dothi la agogo. Bambo ake anamuyankha kuti zolimira anthu anaziyesa kale ndipo zotsatira zake aliyense waziona. Rafaelo anasamuka n'kupita kuboma, ndipo mpaka lero kwawo amabwera mwa apo ndi apo. Amene anandidabwitsa ndi a Tikondwe. Atamva zonse anapuma mpweya wautali n'kunena kuti, "Ndiye kulibe mkazi ku Mozambique? Mundawo apatseni."

Lamulungu lotsatira a Gerevazio anaimirira pa msonkhano wa mphakati n'kufotokoza zonse, za dimba, za Bambo Mfumu, za pulawo, n'kutula pansi udindo. Anapemphanso kuti amene ananditcha mfiti adziwe kuti mfitiyo ndi iwowo a Gerevazio. Amayi ena anabwera kudzandipepesa, ena mpaka lero akaona ine amayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Asuweni anga anapitanso kukalapa, ndipo pa Pasaka anaima pamzere pamodzi nafe, kumapeto kwenikweni. Kuguguda kwaphokoso kuja kunatha. Tsopano amangogunda pang'ono, koma ine amene ndimakhala pafupi ndimaona kuti dzanjalo limachedwa kuchoka pachifuwa.

Musaganize kuti zinthu zinawayendera bwino chifukwa choti alapa. Dzina la mbewu ya Angozo linafera pomwepo. Galimoto zinasiya kubwera. Munda wodwala uja anaulima chimanga ndi nyemba chaka ndi chaka, akuzula mbatatesi iliyonse yomera yokha, akutsuka khasu asanatuluke m'munda ngati munthu wochokera kumanda. Ng'ombe anagulitsa. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, a Victoria ankapatsa dzanja uyu ndi uyo, pofika pa iwo n'kuweramira kansalu kawo. A Bonifasio anamwalira m'nyengo yozizira osawalankhulanso mawu ena. A Gerevazio anakumba nawo manda pamodzi ndi adzukulu, ngakhale msinkhu wawo sunali wokumba, ndipo palibe wa kubanjako anawathokoza. Ndinawafunsa tsiku lina kuti, "Nanga phindu lake n'chiyani? Munda wapita, dzina lapita, mnzanu wapita osakukhululukirani." Anati, "Asuweni, kukhululuka ndi kwawo, adzapereka akafuna. Kwanga kunali kubwerera pamene ndinakhotera. Mlandu suola, koma wanga suli m'dothi tsopano, uli poyera." Ine amene ndimakhala ndi yankho pa chilichonse, tsiku limenelo ndinangopempha fodya.

Kumtunda kuja a Victoria anagwira ntchito ngati munthu wobwezera. Mtsikana anabwerera kusukulu. Pang'ono ndi pang'ono mbewu yodalirika m'dera lathu inakhala yawo, ndipo anayambitsa kachitidwe kawo: aliyense wogula, amayamba wamudulira mbatatesi zingapo pamaso pake kuti aone mkati.

Chaka chatha alangizi anati dothi lija lapuma mokwanira, a Gerevazio akhoza kuyesa mizere ingapo ya mbatatesi. Koma mbewu yoyera aitenga kuti? Kuli konse ankakuopa, kupatula khomo limodzi. Anazengereza mpaka mitambo kuyamba kuda, kenako anabweranso kwa ine. "Asuweni, mundiperekeze." Ndinati inu mwandisandutsa ndodo yanu, koma nsalu ndinamanga.

Tinapeza anthu pakashedi akugula. A Gerevazio anaima kumbuyo ndi kathumba kawo mpaka onse atatha. A Victoria, imvi zili mbuu tsopano, anawayang'ana osapereka moni. Anatenga mpeni, anadula imodzi, yoyera. Anadula ina, yoyera. Anaziika m'manja mwawo kuti aone okha, n'kuyamba kudzaza kathumba kaja. A Gerevazio atapisa m'thumba la jekete, mayi uja anapukusa mutu. Anamanga pakamwa pa thumba, anamangitsa, kenako analankhula akuyang'ana mfundoyo.

"Alamu, mukabzale kumtunda kwa mundawo kokha. Kumunsi kwa chulu kuja, kumene madzi amaima, musayerekeze. Alangizi anene zawo, koma munda umenewo ndimaudziwa ndine. Kumeneko nthenda ija ikadalipo."

 A Gerevazio anakhala pansi pomwepo, pakhomo pa kashedi kamene anamanga ndi manja awo, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa ankagwedezeka. A Victoria anandiyang'ana n'kunena kuti, "Atwikeni asuweni anuwa, mvula iwapeza panjira."

Thumbalo ndinasenza ndine.